Uthenga wotsekera chaka pamene chaka sichinayende bwino

Funso: Ndine m'busa, ndipo chino ndi chaka changa choyamba pa mpingo umene ndinatumizidwa. Tili ndi tchalitchi chachikulu ndi nthambi zinayi kumidzi. Akulu a mpingo andipempha kuti usiku wa pa 31 Disembala ndipereke uthenga wothokoza ndi wonena zimene tikuyembekezera chaka chamawa. Vuto n'lakuti chaka chino tinaika maliro ambiri, tchalitchi chatsopano chinaimira m'mawindo, ndipo panali kukokanakokana pa ndalama za chitukuko. Ndinene chiyani kuti ndisaname, komanso ndisafooketse anthu?

Yankho: Abusa, musayambe ndi kusaka vesi. Yambani ndi mabuku a mpingo. Mauthenga ambiri otsekera chaka amatuluka opanda mchere chifukwa m'busa amawalemba madzulo a pa 30 Disembala, ali yekha, akudalira zimene mutu ukukumbukira. Koma mutu wa munthu umasunga za miyezi iwiri yapitayi, ndi nkhope za anthu amene amafika kunyumba ya abusa kawirikawiri. Mayi wa kunthambi yakutali amene wasesa m'kachisi Loweruka lililonse chiyambire Januwale sangabwere m'maganizo mwanu, makamaka inu amene simunathe ngakhale chaka pamalopo.

Ndiye sabata yoyamba ya Disembala khalani pansi ndi alembi a mpingo pamodzi ndi asungichuma, maola awiri kapena atatu, mabuku onse ali pa tebulo: kaundula wa ubatizo, wa maukwati, wa omwalira, makalata a anthu obwera ndi osamuka, buku la kalasi, la Sande sukulu, ndi zokambirana za akulu a mpingo kuyambira Januwale. Lembani manambala momwe alili, ngakhale ena akukuchititsani manyazi. Sabata yomweyo tumizani mafunso atatu kwa mkulu wa nthambi iliyonse, kwa wapampando wa amayi (kaya kwanu ndi Mvano, Chigwirizano kapena Umanyano), kwa achinyamata, kwa makwaya ndi kwa atsogoleri a milaga. Mafunso ake ndi awa: Mulungu watichitira chiyani kwathu kuno chaka chino? Ndani wagwira ntchito mosaonekera? Ndani watisiya, kapena ali pa mphasa mpaka lero? Apatseni masiku 10, ndipo mayankho abwere olembedwa. Mukalandira apakamwa mudzasokoneza mayina.

Mudzadabwa ndi zimene zidzatuluke. Chaka chimene mukuchitcha choipa chikhoza kukhala ndi ana obatizidwa, maukwati odalitsidwa, anthu amene anaimitsidwa n'kubwezeredwa pa Mgonero, ndi banja limene denga lake linasasuka n'kufoleredwanso ndi anyamata a mumpingo. Zimenezi sizionekera pa guwa. Zili m'mabuku ndi m'kamwa mwa anthu a kumilaga.

Nkhani ya maliro muitengere mtima kuposa zonse, chifukwa ndi pamene uthenga wanu udzakhudze anthu kapena kuwapweteka. Mpingo umene waika anthu ambiri sungayambe ndi kuomba m'manja ngati kuti palibe chachitika. M'mabenchi mudzakhala amasiye amene Khirisimasi ino ndi yoyamba kudya opanda mnzawo. Mawu amene alaliki ambiri amakonda usiku umenewu, akuti "ambiri anafuna kuona tsikuli koma sanathe, ife tafika chifukwa Mulungu amatikonda", amamveka bwino kwa amene sanafedwe. Kwa mayi amene anaika mwana wake mu Ogasiti, mawuwo akumuuza kuti mwana wakeyo Mulungu sanamukonde. Asiyeni mawu amenewo, ngakhale mpingo unawazolowera.

M'malo mwake werengani mayina a onse amene anatsogola. Dzina limodzi, litatchulidwa modekha, limatenga masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi, choncho ngakhale atakhala 30 simupitirira mphindi zitatu. Ayaleni motsata miyezi kapena motsata nthambi, osati motsata ulemu wawo. Musaonjezere mbiri pa dzina la mkulu wa mpingo kapena la munthu wachuma pamene enawo mukungowatchula, pakuti anthu amamva kusiyanako msanga. Mndandandawo uwerengedwe kaye pamaso pa akulu a mpingo Lamulungu lomaliza pasanafike pa 31 Disembala, chifukwa dzina limodzi loiwalika limafafaniza zabwino zonse zimene munanena, ndipo banja lake lidzakumbukira zimenezo zaka zambiri. Pali mayina ena ofunika kufunsa kaye eni ake: khanda limene linapita lisanatulutsidwe m'chikuta, munthu amene anadzipha, ndi amene anamwalira ali woimitsidwa. Gwirizanani ndi akulu a mpingo lamulo limodzi la onse, kenako mkulu wa dera akafunse banjalo mwakachetechete ngati likufuna kuti dzinalo limveke. Mukatha kuwerenga, mpingo ukhale chete pang'ono, muimbe ndime imodzi ya nyimbo yodziwika, kenako pemphero lalifupi la ofedwa.

Tsopano vesi. Ambiri amatenga 1 Samueli 7:12, pamene Samueli anaimika mwala nautcha Ebenezeri, kutanthauza kuti kufikira pano Yehova watithandiza. Ndi ndime yabwino kwa inu, koma muilalikire pamodzi ndi mutu 4. Kumeneko Aisraele anamanga misasa pamalo otchedwa Ebenezeri, Afilisti n'kuwagonjetsa kawiri: koyamba anafa anthu ngati 4,000, kachiwiri 30,000, likasa la chipangano linalandidwa, ndipo ana awiri a Eli anafa tsiku lomwelo. Likasa litabwezedwa linakhala ku Kiriyati-Yearimu, ndipo panapita zaka 20 Aisraele akulira. Mwala wa Samueli unaimikidwa ndi anthu amene anali ndi manda ambiri kumbuyo kwawo, ndipo dzina la mwalawo ndi lomwe lija la malo amene anagonjerapo. Mpingo wanu, wokhala ndi khoma losatha ndi mndandanda wa omwalira, udzadziona m'nkhaniyi. Ngati mukufuna ina, Habakuku 3:17-18 ikunena za mkuyu wosaphuka, minda yosabala ndi makola opanda ng'ombe, mneneri n'kumakondwerabe mwa Mulungu. Alimi safuna kuwamasulira ndime imeneyi. Sankhani imodzi. Mavesi asanu mu uthenga umodzi amangopikisana.

Chenjerani ndi Yeremiya 29:11, ndime yonena kuti Mulungu ali ndi maganizo a mtendere pa anthu ake, imene imalembedwa pa nsalu zambiri za chaka chatsopano. Mawuwo ndi oona, koma vesi 10 ikuti ukapolo wa ku Babulo udzatenga zaka 70, ndipo m'kalata yomweyo anthu akuuzidwa kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatiwa komweko. Mukaiwerenga ngati lonjezo lakuti mavuto onse atha pofika Malichi, mwaipotoza.

Pothokoza anthu, tengerani kwa Paulo pa Aroma 16. Akutchula anthu oposa 20, ndipo ambiri akuwatchula ndi ntchito yawo: Febe mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, Priska ndi Akula amene anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha iye, Mariya amene anagwira ntchito zambiri, mayi wake wa Rufo amene anali ngati mayi wa Pauloyo. Palibe amene akutchulidwa ndi kuchuluka kwa ndalama. Inunso tchulani gulu ndi chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimene linachita. "Tikuthokoza amayi athu chifukwa cha ntchito yaikulu" ndi mawu amene akhoza kunenedwa mu mpingo uliwonse chaka chilichonse, ndipo palibe amawamva. Koma mukati, "Amayi a kunthambi ya kutsidya anachezera pa siwa maulendo asanu ndi awiri chaka chino, ulendo wina anawoloka mtsinje utadzaza mpaka m'chiuno", amayiwo adzayang'anana, ndipo mpingo wonse udzadziwa kuti abusa amaona. Onetsetsani kuti chimene mukunenacho chinachitikadi momwemo.

Mayina a anthu paokha akhale ochepa, ndipo akhale a anthu amene satchulidwa kawirikawiri: woliza belu, mlonda, aphunzitsi a Sande sukulu, mnyamata amene amanyamula zokuzira mawu pa njinga, agogo amene amaphikira alendo a mpingo. Opereka ndalama zambiri athokozeni ndi kalata kapena kukawaona kunyumba. Mukalengeza pa guwa kuti uje anapereka zakutizakuti, wopereka nkhuku imodzi pa masika amadziona ngati sanachite kanthu, ndipo chaka chamawa nkhukuyo sidzabwera. Andale amene anaponya kenakake pa pepala Sande nawonso alandire kalata. Musaiwale akhristu anu a ku Joni ndi m'matauni amene amatumiza thandizo pa foni, pakuti ambiri amakhala ali kumudzi nyengo ino ndipo adzakhala m'tchalitchimo. Tchulaninso amfumu, adzukulu, ndi a mipingo ina kapena Asilamu amene anagwira nanu maliro. Popeza ndinu mlendo pamalopo, nenani mawu abwino amodzi a m'busa amene munalowa m'malo mwake: maziko a tchalitchi chatsopanocho mwina anakumbidwa m'nthawi yake, ndipo ali ndi anthu amene amamukondabe. Amayi busa athokozeni ndi chiganizo chimodzi, zambiri mukanene kunyumba.

Nkhani ya ndalama za chitukuko musaibise, koma musaiweruzire pa guwa. Mukapanda kuitchula, anthu adzati abusa akuphimba. Mukailowa kwambiri, usiku wa mapemphero usanduka bwalo la milandu, ndipo amene akunenedwa alibe mpata woyankha. Ziganizo zitatu zikwana, monga izi: "Chaka chino sitinamvane pa ndalama za chitukuko, ndipo ena mwa abale athu anapwetekedwa mtima. Akulu a mpingo asankha anthu atatu amene sali mu komiti kuti aone mabuku ndi malisiti onse. Lipoti lidzawerengedwa pamaso pa mpingo Lamulungu lomaliza la Januwale." Koma mawuwa muwanene pokhapokha akulu a mpingo atagwirizanadi zimenezi, anthu atatuwo atavomera, ndipo tsiku litalembedwa. Tsiku limene mwalengeza n'kulephera kulisunga limaononga kuposa kukhala chete. Paulo yemwe, ponyamula chopereka cha ku Yerusalemu, anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo kuti pasapezeke womunena (2 Akorinto 8:18-21). Pewani mawu oponya miyala m'tchire, akuti "alipo ena muno amene sakufuna chitukuko". Aliyense akudziwa amene mukunena, ndipo abale ake akhala pomwepo. Ngati pali pamene inuyo munachedwa kuchitapo kanthu, vomerani ndi chiganizo chimodzi chopanda "koma".

Lipoti lonse la zachuma lisalowe mu uthengawu. Limenelo ndi la asungichuma, pa tsiku lake, masana, anthu ali ndi mpata wofunsa.

Za tchalitchi choimira m'mawindo, nenani zimene zachitika musananene zimene zatsala: maziko anatha, njerwa zinaumbidwa ndi kuotchedwa ndi manja a akhristu, khoma lafika pamene lafikapo. Ndipo powerengera zotsala, werengani matumba a simenti, malata ndi mitengo ya denga, osati makwacha. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo bajeti zambiri za mipingo zolembedwa m'makwacha zinasanduka mapepala chabe. Munthu wa kumudzi akamva "mamiliyoni" amataya mtima, koma akamva kuti mlaga uliwonse ukufunika matumba anayi pofika Julayi, amayamba kuwerengera. Pakadali pano, popeza mvula ili mkati, uzani a komiti aphimbe pamwamba pa khomalo ndi mapepala apulasitiki kapena malata akale otsikiza ndi njerwa, ndipo akumbe ngalande yochotsa madzi m'mbali mwa maziko. Khoma lomangira dothi likamwa madzi miyezi itatu limang'aluka, ndipo mu Epulo mudzayamba ndi kugumula.

Tifike pa zoyembekezera. Apa abusa ambiri amaterereka chifukwa cha chisangalalo cha usikuwo. Amalengeza zinthu khumi: kumaliza tchalitchi, kugula galimoto, kutsegula nthambi ziwiri, sukulu ya mkaka, zida za kwaya. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tengani zitatu basi, ndipo zikhale zimene akulu a mpingo avomereza kale. Chimodzi chikhale cha moyo wauzimu, china cha kusamalana, china cha chitukuko. Chilichonse chikhale ndi mwini wake, tsiku lake, ndi phazi loyamba limene lingapondedwe mu Januwale. "Tikufuna kukula mu uzimu" palibe angadziwe ngati zachitika. Koma "mlaga uliwonse uzikumana Lachinayi, ndipo ine ndidzafika pa mlaga uliwonse kamodzi isanafike Pasaka" ndi chinthu chimene anthu angakufunseni. Musanalonjeze, werengani milaga yanu ndi masabata amene alipo, ndipo muganizire misewu ya dzinja.

Zolingazo zitsate kalendala ya munda, chifukwa thumba la mkhristu wa kumudzi limayenda ndi munda. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala: nkhokwe zapepuka, anthu ali pa ganyu, feteleza wobereketsa akufunika, sukulu zatsegulira teremu yachiwiri ndipo fizi ikudikira, malungo nawo ali pakhomo. Wa pa ntchito ya malipiro naye ndalama anathera Khirisimasi. Kulengeza chopereka chapadera cha chitukuko mu Januwale n'kufinya mwala. Miyezi imeneyi cholinga chikhale cha kusamalana: mlaga uliwonse ulembe mabanja amene akugona ndi njala, okalamba, amasiye ndi odwala, ndipo atumiki adziwe kumene thumba la chimanga la mpingo liyenera kupita. Ndalama za chitukuko muziyembekezere kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, anthu atakolola ndi kugulitsa. Kuumba njerwa ndi kumanga ndi ntchito ya chilimwe. Ndipo ngati mukufuna kuti Januwale wa chaka chinacho asadzakupezeni manja ali m'khosi, lengezani tsopano kuti pa masika padzapatulidwa matumba angapo osagulitsa, othira mankhwala a anankafumbwe, osungira miyezi ya njala. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Siyanitsani chiyembekezo ndi ulosi. Pali chizolowezi chopatsa chaka dzina, "chaka cha kutukuka", "chaka cha zotsegukira", n'kulonjeza kuti osakwatiwa akwatiwa, osabereka abereka, ofuna ntchito aipeza. Anthu amakuwa ndi chimwemwe usikuwo, koma m'busa wa pamalo sachoka. Mudzakhala nawo anthu omwewo Disembala winayo, mtsikana uja asanakwatiwe, bambo uja ntchito asanaipeze, ndipo ena adzaganiza kuti vuto ndi chikhulupiriro chawo kapena kuti wina anawalodza. Yakobo 4:13-15 akutiuza kuti ponena za mawa tiziti "Ambuye akalola". Mutu wa chaka si woipa ukakhala wonena zimene mpingo uchite, monga kuyenderana kapena kuphunzitsa ana. Zimene Mulungu analonjezadi, kuti sadzatisiya ndi kuti chifundo chake chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse (Maliro 3:22-23), zinenani ndi mphamvu zanu zonse. Zimene sanalonjeze musamusainire.

Kutalika kwa uthenga kukhale mphindi 20 mpaka 25. Kagawidwe kake kakhoza kukhala kotere: mphindi zisanu za malemba, zinayi za omwalira, zisanu ndi ziwiri za kuthokoza, ziwiri za zimene sizinayende, zisanu za chaka chamawa. Ulembeni wonse, liwu ndi liwu, makamaka gawo la ndalama, chifukwa pakamwa pakatentha pamatuluka zimene simunakonze. Uwerengeni mokweza kunyumba wotchi ili patsogolo, ndipo alembi a mpingo aumve usanafike pa guwa.

Ngati ndi mapemphero ochezera, yambani kulankhula cha m'ma 11:15 kuti pofika 11:45 mukhale mutatha, mpingo ulowe chaka uli m'pemphero. Makwaya apatseni nyimbo ziwiriziwiri ndi munthu wosunga nthawi, apo ayi 12 koloko idzakupezani muli pakati pa mayina a omwalira, kunja makombola akuphulika. Kumbukirani kuti ndi dzinja. Mvula ikagwa pa malata opanda siling'i, mawu a munthu samveka ngakhale pa benchi yachitatu, choncho woyambitsa nyimbo akhale wokonzeka kuti mpingo uziimba mpaka ikachepe. Batire ya zokuzira mawu itchajidwe masana, mafuta a jenereta akhalepo, ndipo pa guwa pakhale tochi yowerengera. Gwirizananinso za kobwerera. Usiku wa Nyuwere m'misewu mumakhala oledzera, ndiye kapena onse akhale mpaka kucha, kapena atuluke m'magulu a midzi yawo, gulu lililonse ndi mkulu wa mpingo, atsikana ndi ana asayende okha. Makolo auzidwe nthawi yotulukira Lamulungu lomaliza usikuwo usanafike, kuti wachinyamata asanamizire tchalitchi ali kwina.

Nthambi zanu zinayi n'zokayikitsa kuti zidzabwera zonse usiku, mitsinje itadzaza. Lembani uthengawo mwachidule pa tsamba limodzi, musindikize makope okwanira, afike kwa akulu a nthambi pasanafike pa 28 Disembala kuti akawerenge okha kaye asanawerengere anthu. M'kalata ya nthambi iliyonse muikemo chinthu chimodzi cha kwawo komweko, kuti asamve ngati alandira zotsala za ku tchalitchi chachikulu. Pa gulu la WhatsApp la mpingo tumizani mawu ojambula osapitirira mphindi zitatu, chifukwa bandulo ndi yodula ndipo zazitali anthu satsegula. M'menemo musaikemo nkhani ya ndalama ija, pakuti zimene zalowa pa foni zimafika kwa anthu amene sizikuwakhudza.

Kope imodzi ya uthengawo, yokhala ndi tsiku ndi siginecha yanu, perekani kwa alembi kuti aimate m'buku la zokambirana. Pa msonkhano wa akulu a mpingo wa mu Juni, zolinga zitatu zija ziwerengedwenso, mwini wa chilichonse anene pamene chafika, ndipo chimene chakanika chisinthidwe pomwepo miyezi ya chilimwe isanathe.